Musanasiye ntchito kukaphunzira za mafizo

Ana anga, ndamva kuti ena mwa inu mwatopa ndi ntchito zanu ndipo mtima wapita ku mafizo. Ndi ntchito yabwino, ine ndili momwemo ndipo ndimaikonda. Koma khalani kaye pansi timvane. Safunsa anadya phula.

Ine ndinali mphunzitsi. Ndinatula pansi ntchito kalata yondiitana kusukulu isanafike, fizi ndilibe. Zotsatira zake zinagwa pakhomo: ngongole ya katapila, mayi a kunyumba kuyamba kukazinga mandasi kuti tidye, mwana wathu woyamba kukhala teremu yathunthu anzake akupita kusukulu. Mwanayo sanalakwe kanthu, koma analipira ndi iye. Musasiye ntchito kalata musanaigwire m'manja. Ndikubwereza, musasiye. Sungani kaye ndalama. Kambiranani ndi a pabanja panu, pakuti njala ikafika sidzagwira inu nokha.

Digiri ya mafizo imaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre, kumene kale tinkati College of Medicine. Kumeneko amayang'ana masayansi. Ngati Biology, Physics ndi Chemistry sizinayende bwino pa MSCE, kalembeninso, osachita manyazi kukhala pa desiki limodzi ndi ana ang'onoang'ono. Mukamaliza, a Medical Council of Malawi ayambe akulembani m'kaundula musanagwire wodwala.

Tsono chachikulu ndi ichi: mafizo si kusisita. Pemphani chilolezo mukaone ndi maso anu kuchipatala cha Kachere kapena m'mawodi a ku Queen Elizabeth. Mukapeza bambo wogwidwa ndi sitiroko, dzanja lili lende, kamwa itakhota. Mumayamba kumuphunzitsa kukhala tsonga. Kenako kuima, inu mutamugwira m'chiuno, bondo lanu litatchinga bondo lake kuti lisagwe. Masabata amatha asanaponye phazi limodzi. Mukapeza mnyamata amene anagwa pa njinga yamoto ya kabaza n'kuthyoka msana. Gadiyani wake mumamuphunzitsa kumutembenuza maola awiri aliwonse, usiku womwe, kuti asachite zilonda, ndi kumupinda miyendo tsiku ndi tsiku kuti isaume. Mukapeza mayi atabereka mwana amene malungo anamufika ku ubongo, khosi silikulimba, mayiyo maso ali pa inu.

Ena mwa amenewa adzayenda, ndipo tsikulo mudzasangalala kuposa tsiku la malipiro. Ena sadzayendanso. Abale adzakufunsani, ndipo mudzayenera kunena zoona, mofatsa, osawanamiza, kenako n'kupitiriza kumuphunzitsa munthuyo kudzidyetsa, kudziveka ndi kuyendetsa wilitcheya. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wapsa mtima msanga ntchito imeneyi asaiyandikire. Wofuna kulemera msanga asaiyandikirenso.

Samalaninso msana wanu. Tsiku lina mzere wa odwala utatalika, ndinanyamula ndekha bambo wathupi kumuchotsa pabedi, nditawerama. Ndinamva kuti the m'chiuno. Mpaka lero khasu sindiligwira, munda ndimalembera aganyu, ndipo m'nyengo yozizira ndimadzuka mogwiririra khoma. Pindani mawondo, osati msana. Wodwala mumuyandikize ku thupi lanu. Ngati ndi wolemera, itanani mnzanu. Ngakhale mzere utalike bwanji, itanani mnzanu, ndipo mudikire mpaka afike.