Kwacha, Dola ndi Mitengo ya Zinthu ku Nancholi: Mafunso ndi Mayankho

Pa 16 Seputembala 2025 Amalawi anasankha Pulofesa Arthur Peter Mutharika kuti abwerere pampando, ndipo pa 4 Okutobala analumbira pa bwalo la Kamuzu, kuno konkuno ku Blantyre. M'maminibasi ochokera ku Nancholi ndi Baluti kupita ku Mibawa, nkhani sinachedwe kuchoka pa mavoti n'kufika pa mitengo ya zinthu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka pa siteji, pamaliro ndi pa banki m'khonde.

Ine sindinagwirepo dola chibadwire. Nanga nkhani ya dola ikundikhudza bwanji?

Mumaigwira tsiku lililonse, kungoti imakupezani itasanduka katundu. Petulo wa kabaza amene mumakwera kupita ku Manase anagulidwa ndi madola, ndipo anadzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam. Feteleza, mankhwala a ku chipatala cha Queens, tirigu wa buledi ndi belo la kaunjika, zonsezi zimachokera kunja. Ngakhale sopo ndi mafuta ophikira opangidwa ku Makata ndi ku Limbe amadalira zipangizo zoitanitsa. Dziko lathu limagula katundu wa kunja wa madola pafupifupi 3 biliyoni pa chaka, pamene zimene timagulitsa, monga fodya, tiyi, shuga, nandolo ndi mtedza, zimatibweretsera pafupifupi 1 biliyoni yokha. Mavuto onse a ndalama zakunja, kapena kuti foreks, amayambira pamenepo.

Chifukwa chiyani dola ili ndi mitengo iwiri?

Mtengo woyamba ndi wa boma, umene mumauona pa bolodi m'mabanki a mu Victoria Avenue. Mu 2024 ndi 2025 Banki Yaikulu ya Reserve inausunga pafupifupi pa K1,750. Koma lowani mkati mupemphe madola oti mukaodere katundu ku Johannesburg: adzakuuzani kuti lembetsani, mudikire. Kudikirako kumatha miyezi. Mayi wa geni sangadikire, chifukwa lendi ya shopu sidikira, ndiye amapita kwa anyamata osintha ndalama mumsewu kapena pa chipata cha Mwanza. Kumeneko, m'chaka cha 2025, dola inadutsa K4,000.

Mayiyo akabwera ndi katundu amaika mtengo molingana ndi mmene anagulira dolayo. Choncho munthu wa ku Nancholi amalandira malipiro m'dziko la K1,750, koma amagula zinthu m'dziko la K4,000. Mavenda a kaunjika amene anachita zionetsero ku Lilongwe ndi ku Blantyre mu Febuluwale 2025 ankalirira zomwezi: belo linkakwera mtengo asanamalize kugulitsa lakale.

Ndani amapindula ndi kusiyanaku?

Ili ndiye funso limene tiyenera kukhalapo nthawi. Taganizirani munthu amene ali ndi mwayi wopatsidwa madola 10,000 ku banki pa mtengo wa boma. Walipira K17.5 miliyoni. Akatuluka n'kukawagulitsa kumseri pa K4,000, wapeza K40 miliyoni, osalima, osapanga kanthu, osalemba munthu ntchito ngakhale mmodzi. Wina safunika n'komwe kugulitsa madolawo: amaitanitsa katundu pa mtengo wotsika, n'kumugulitsa pa mtengo wa kumseri, phindu lonse n'kukhala lake.

Wotaya ndi amene anabweretsa dolayo m'dziko. Mlimi wa fodya akagulitsa pa okushoni ku Limbe, mtengo amautchula m'madola, koma ndalama zikamasinthidwa kuti zikhale makwacha amawerengera mtengo wa boma. Akapita kukagula feteleza wa chaka chamawa amakumana ndi mtengo wa kumseri. Wagulitsa motchipa, wagula modula. Chimodzimodzinso mwana wanu amene akugwira ntchito ku Joni: akaona kuti njira yovomerezeka ikudula pakati thukuta lake, amapatsira ndalamazo dalaivala wa basi kapena wamalonda, ndipo marandi amenewo safika ku banki. Mabanki amauma, mzere umatalika, mtengo wa kumseri umakweranso. Ine ndimaona kuti uku n'kulanda osauka ndi kupatsa odziwika, ngakhale kuti palibe lamulo linalembedwa ndi cholinga chimenecho.

Malamulo oyendetsera ndalama zakunja amati chiyani?

Mwachidule, amati kugula ndi kugulitsa foreks kuzichitikira kumabanki ndi m'mabyuro okhala ndi chiphaso. Wogulitsa katundu kunja azibweza ndalama zake kumudzi, ndipo gawo lina azigulitsa ku Banki ya Reserve. Kwa zaka zingapo gawolo linali magawo 30 pa 100 aliwonse. Woyenda ulendo ali ndi malire a ndalama zimene angatuluke nazo. Kusintha ndalama mumsewu ndi mlandu, ndipo apolisi amagwira anthu.

Malamulowa ali ndi ntchito yake. Dziko la madola ochepa liyenera kuonetsetsa kuti mankhwala ndi mafuta zapatsidwa malo oyamba, komanso kuti makampani sakubisa ndalama kunja. Koma lamulo limangogawa madola amene alipo, silibereka ena. Mu Malichi 2025 boma linaletsa kuitanitsa katundu wina monga mpunga, ufa ndi zipatso pofuna kusunga foreks. Mwezi wotsatira Tanzania inabwezera potsekera katundu wathu, ndipo zinatengera kukambirana kuti malole ayambenso kudutsa pa Songwe.

Ndiye bwanji osangogwetsa kwacha kuti mitengo iwiriyi ikumane?

Tinayesapo, kangapo. Malemu Bingu wa Mutharika anakana kwamtuwagalu kuchepetsa mphamvu ya kwacha, ndipo akuluakulu akukumbukira mizere ya mafuta ndi zionetsero za pa 20 Julayi 2011. Mayi Joyce Banda atalowa mu 2012 anaimasula, dola inachoka pa K168 kufika pa K250, mafuta anabwerera m'mafilingi, opereka thandizo anabwereranso, koma mitengo inaluma. Boma la Dr. Lazarus Chakwera linaigwetsa ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi magawo 44 mu Novembala 2023, kuchoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700. Mwezi womwewo bungwe la IMF linavomereza ngongole ya madola 175 miliyoni. Tinalandirako 35 miliyoni yokha, ndipo mgwirizanowo unatha mu Meyi 2025 usanafike kumapeto.

Chinachitika n'chakuti mitengo iwiri ija inayandikana kwa kanthawi, kenako inasiyananso kuposa kale. Chifukwa chake n'choti boma linapitiriza kugwiritsa ntchito ndalama zoposa zimene limatolera, n'kumakongola m'mabanki a m'dziko momwemuno. Makwacha anachuluka, madola sanachuluke. Pamwamba pa izo panadza namondwe Freddy mu Malichi 2023, amene anatisiyira manda ku Chilobwe ndi ku Manja, kenako chilala cha 2024 chimene chinatikakamiza kugula chimanga kunja. Kugwetsa kwacha popanda kumanga lamba kuli ngati kutungira madzi m'ndowa yobooka. Amene amaopa kugwetsa kwacha sakulakwa, chifukwa katundu wina monga mafuta ndi magetsi angakwere mtengo. Koma amene amati kusiya zinthu mmene zilili n'kuteteza osauka afotokoze kaye chifukwa chimene shuga ndi sopo zinakwerera pamene bolodi la ku banki silinasunthe.

Nthawi ya a Mutharika yoyamba zinthu zinali bwino. Sizingabwererenso?

Anthu sakunama akamakumbukira. Pakati pa 2017 ndi 2020 dola inakhazikika cha m'ma K730, ndipo kukwera mitengo kwa zinthu kunatsika mpaka pansi pa magawo 10 pa 100 pa chaka. Ambiri anavotera chikumbumtima chimenecho. Koma munda umene awupeza pano si umene anausiya. Mu 2025 mitengo inkakwera ndi magawo oyandikira 30 pa 100, chiwongoladzanja cha Banki ya Reserve chinali pa 26, ngongole ya boma yakula kwambiri, ndipo America inatseka thandizo lambiri la USAID limene linkabweretsa madola. Masiku ochepa a Mutharika asanalumbire, bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K2,530 kufika pa K3,499 pa lita.

Malonjezo a boma la a Mutharika, monga sukulu za sekondale zaulere, feteleza wa sabuside wa K10,000 ndi chimanga chochokera ku Zambia, ndi ofunika kwa mabanja athu. Komabe feteleza ndi chimanga cha kunja zimalipidwa ndi madola, ndipo zina zonse zimafuna makwacha amene nduna ya zachuma, a Joseph Mwanamvekha, ayenera kuwapeza popanda kuwonjezera ngongole.

Nanga migodi ija timamva?

Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unayambiranso ntchito mu 2025. Kangankunde ku Balaka, Kasiya ku Lilongwe ndi Songwe Hill ku Phalombe ali ndi miyala imene mayiko akuifuna. Angatithandize, koma patapita zaka, ndipo pokhapokha mapangano ake ali poyera ndipo madola ake akubwerera kuno.

Tizidziwa bwanji ngati zinthu zikuyenda?

Musayang'ane bolodi la ku banki. Funsani mnzanu wooda katundu ku Limbe kuti dola waigula pa zingati sabata ino, muyerekeze ndi mtengo wa boma. Kusiyanako kukamachepa mwezi ndi mwezi, ndiye kuti ntchito ikugwirika. Funsaninso ngati wamalonda wamng'ono, wopanda m'bale ku banki kapena ku chipani, wapatsidwa madola atapempha. Yang'anani ngati zigubu zachoka pa mafilingi, ndiponso mtengo wa thumba la chimanga mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi imene nkhokwe zimakhala zitatha.

Pakadali pano wa geni ya pa Nancholi achite chiyani?

Poika mtengo, werengerani ndalama imene mudzaodere katundu wina, osati imene munaodera amene ali pa benchiyo. Mpamba wa ambiri wathera pamenepo, munthu akuona ngati akupindula. Mukagawana ndalama za banki m'khonde, zisandutseni msanga katundu amene saonongeka, chifukwa kwacha yosunga m'chikwama imachepa mphamvu mwezi uliwonse. Pewani katapila wogulira foreks. Dziwani kuti kumseri kuli madola achinyengo, ndipo mukaberedwa kumeneko mulibe kokadandaula. Ndipo phungu wanu akabwera kudzachititsa msonkhano, mufunseni kuti madola ochepa amene mabanki amalandira amagawidwa kwa yani, ndipo bwanji mndandanda wake sufalitsidwa.