Malangizo: Ulendo wa ku Ntchito Ngongole Ili Pakhosi

Mphunzitsi wa ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga, akaitanidwa ku maphunziro ku boma la Chitipa, kawirikawiri ndalama yoyendera imayamba yachoka m'thumba mwake. Alawansi imadza pambuyo, mwina tsiku lotsekera, mwina patapita masabata. Koma banki kapena SACCO yomwe anakongolako siidikira. Imadula gawo lake malipiro asanamufike m'manja.

Apa ndi pomwe ambiri amathamangira kwa akatapila, ndipo chiwongoladzanja chimameza alawansi yonse isanabwere n'komwe.

Wanzeru amafunsa kaye asanavomere ulendo: adzapatsidwa zingati, liti, pamanja kapena pa foni? Yankholo alisunge pa kalata yomuitana kapena pa uthenga wa pa foni. Kenaka awerengere kabaza wopita ndi wobwerera, malo ogona ndi chakudya, pa mitengo ya sabata imeneyo. Kuchokera pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chaka chatha sudaliridwanso, ndipo m'nyengo ya dzinja matope akachuluka, akabaza amakwezanso.

Chothandiza kwambiri ndi kathumba ka maulendo okha. Mwezi uliwonse, ngongole ikadulidwa, aike kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money, osakhudzapo ngakhale pa sopo. Alawansi ikafika, ayambe wabweza m'kathumbako.

Amene ali ndi ngongole ya banki m'khonde awauziretu anzake a m'gulu ngati tsiku lobweza lagundana ndi ulendo, ndipo atumize gawo lake asananyamuke.