PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MUTU UKAMAWAWA

Kuwerenga: 2 Mafumu 4:18-37

M'ndime yathuyi mwana wa mayi wa ku Sunemu anadandaula za mutu ali kumunda nthawi yokolola. Anamutengera kwa amake, ndipo pofika masana anamwalira. Mayiyo sanazengereze, anakwera bulu kukafuna thandizo kwa mneneri Elisa. Nthawi zambiri mutu umapola wokha, koma mutu wina umafuna changu ngati cha mayi ameneyu. Tiyeni tiphunzire kusiyanitsa.

1. Mutu wa kutopa ndi nkhawa

Uwu ndi umene umagwira anthu ambiri. Umawawa mbali zonse ziwiri ngati wina wakumangani chingwe pamphumi, ndipo mapewa amalemera. Umabwera chifukwa cha maganizo, kusagona mokwanira, njala, kapena kulima padzuwa osamwa madzi. Kupuma, kudya ndi kumwa madzi kumathandiza.

2. Mutu waching'alang'ala

Kawirikawiri umagunda mbali imodzi. Munthu amachita nseru kapena kusanza, ndipo safuna kuwala ngakhale phokoso. Umatenga maola 4 mpaka 72. Umagwira akazi kuposa amuna, ena makamaka akamayandikira kumwezi, ndipo umayenda m'magazi a kumtundu. Mayi wotere si waulesi ndipo sanalodzedwe. Agone m'chipinda chamdima ndi chabata. Ukamabwerezabwereza, akaonane ndi adokotala.

3. Mutu wobwera ndi mankhwala

Ena mwa ife sitiyenda opanda Panado. Koma kumwa mankhwala otere masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi, kwa miyezi yoposa 3, kumatha kuyambitsa mutu wa tsiku ndi tsiku. Wamkulu asapyole mapiritsi 8 a 500mg m'maola 24, chifukwa chiwindi chimawonongeka. Mwana wosakwana zaka 16 asamwe Aspirin.

4. Mutu wa mbaula

Nyengo yozizira timalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka zitseko. Makala amatulutsa mpweya woipa wosanunkha, umene umayambitsa mutu ndi chizungulire, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Tisagone ndi mbaula m'nyumba.

Thamangirani kuchipatala ngati:

• mutu wabwera ndi kutentha thupi: akayeze malungo tsiku lomwelo;
• khosi lauma, munthu akubwebweta kapena kukomoka;
• mutu wayamba mwadzidzidzi ndi ululu umene sanaumvepo;
• pakamwa papotoka, mkono kapena mwendo wafooka, kapena mawu sakumveka bwino;
• mutu wayamba atagwa kapena atamenyedwa;
• ali ndi kachilombo ka HIV ndipo mutu sukusiya kwa masiku angapo;
• mayi woyembekezera, kapena wongochira kumene, akumva mutu waukulu, watupa nkhope ndi manja, kapena akuona zinthu mwachimbuuzi. Pamenepa BP ikhoza kukhala yokwera, kuyambira 140/90, ndipo moyo wa mayi ndi wa mwana uli pachiswe.

Udindo wathu

Ifeyo ndi amene timayendera odwala m'mipingo mwathu. Tikapeza mnzathu wamanga mpango kumutu, timufunse kuti wayamba liti ndipo akumva zotani. Kutema mphini ndi kudikira kuti tione mawa kumangotayitsa nthawi. Tipemphere naye, kenaka timuperekeze kuchipatala, pakuti nzeru za achipatala ndi mphatso ya Mulungu yemweyo.

Mafunso okambirana

1. Kodi ndi ntchito kapena nkhawa ziti zimene zimatiwawitsa mutu m'mabanja mwathu?
2. Nanga mayi woyembekezera akadwala usiku, gulu lathu lingamuthandize bwanji kupeza mayendedwe?

Pemphero

Mulungu Atate, Inu amene mudziwa zowawa zathu, tipatseni maso oona zizindikiro ndi mtima wochita changu, kuti tisamalire miyoyo imene munatipatsa, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.