Mafunso ndi Mayankho: Raspberry Pi Ikakana Kuyaka Popanda Monita

Makalata ambiri a sabata ino akukamba za Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'chikhatho kamene kanatuluka ku Britain mu 2012. Ambiri a inu mumakayendetsa popanda monita, kiyibodi kapena mausi, n'kumakalamula muli pa laputopu kudzera pa SSH. Tiyambe ndi mafunso osavuta.

Wophunzira wina wa ku Zomba akuti Pi yake ikuoneka pa rauta, koma SSH inkakana, ndipo ataitsegula, dzina loti pi ndi pasiwedi yoti raspberry sizikuloledwa. Achimwene, malangizo mukutsatirawo ndi akalekale. Kuyambira mu Novembala 2016 SSH imabwera yotseka, ndipo mu Epulo 2022 dzina la pi ndi pasiwedi yake anazichotsa. Lembani khadi lanu ndi Raspberry Pi Imager, ndipo musanayambe kulemba, ikani dzina lanu, pasiwedi yanu, n'kutsegula SSH pomwepo. Basi.

Amayi ena a ku Mzuzu ali ndi Pi Zero W. Anaika fayilo ya wpa_supplicant.conf pa khadi, koma sikulowa pa Wi-Fi. Amayi, njira imeneyo inatha pamene Raspberry Pi OS ya Bookworm inatuluka mu 2023. Wi-Fi nayonso ikonzereni mu Imager, osaiwala kusankha dziko. Komanso Zero W imamva 2.4GHz yokha; ngati foni yanu ikugawa intaneti pa 5GHz, sizidzaonana. Ndipo ikamayaka koyamba ipatseni mphindi zingapo, chifukwa imayamba yakuza gawo lake pa khadi kenako n'kuyambanso yokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Abambo ena a ku Lusaka akufunsa ngati avomere Windows ikamawauza kuti afomate khadi. Ayi, bambo, musavomere. Khadi la Pi lili ndi magawo awiri. Windows imawerenga laling'ono lija la FAT32, pamene lalikulu la ext4 silidziwa, n'chifukwa chake imayesa kuti lawonongeka. Mukangovomera, zonse zapita.

Tsopano kalata imene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Yachokera kwa aphunzitsi a pa sekondale ina yakumudzi. Ali ndi Pi 4 yosungira maphunziro oti ana aziwerenga popanda intaneti. Imakhala m'kabati, imadya magetsi a sola kudzera pa tchaja ya foni. Akuti imayenda milungu ingapo, kenako tsiku lina osayaka. Akalemba khadi mwatsopano imadzuka, pakapita nthawi n'kufanso. Funso lawo n'lakuti: ndigule khadi la mtundu wanji?

Aphunzitsi, musanagule khadi, yang'anani magetsi. Ndimanena zimenezi sabata ndi sabata ndipo sindisiya: Pi imene ikuononga makhadi mobwerezabwereza, woyamba kumukayikira ndi tchaja pamodzi ndi nthambo yake. Pi 3 imafuna mavolti 5.1 ndi maampeya 2.5, Pi 4 imafuna maampeya 3, ndipo Pi 5 imafika pa maampeya 5 ngati mwailumikiza ndi zida zambiri. Mkati mwa Pi muli kachipangizo koyang'anira mphamvu, ndipo mavolti akatsika pansi pa 4.63 kamachenjeza. Amene ali ndi monita amaona chenjezolo pagalasi. Inu amene mulibe monita simuliona, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Pi yanu ingakhale ikudandaula tsiku ndi tsiku m'kabatimo popanda woimva, kufikira tsiku limene mphamvu idzatsike ili mkati molemba pa khadi. Khadi silimaliza kulemba nthawi imodzi. Mkati mwake limafufuta ndi kusuntha zigawo, ndipo magetsi akaduka ntchitoyo ili pakati, ngakhale fayilo imene simunaikhudze ikhoza kuwonongeka. Ikakhala fayilo yoyatsira kompyuta, m'mawa mwake mupeza ziii.

Umboni wake si wovuta kuupeza. Pa Pi 4 pali timagetsi tiwiri. Kofiira kayenera kuyaka mosalekeza. Kakamathima kapena kuphethira, mphamvu ikuperewera. Kobiriwira kamaphethira mosatsata dongosolo Pi ikamawerenga khadi, koma kakamaphethira mwadongosolo n'kupuma, n'kubwerezanso, werengani. Kanayi ndiye kuti fayilo ya start4.elf sinapezeke; kasanu ndi kawiri ndiye kuti kernel sinapezeke. Dziwani kuti zimenezi zikungokuuzani pamene Pi yaimira, osati chimene chaigwetsa. Tsiku limene ili moyo, lowani pa SSH mulembe vcgencmd get_throttled. Ikayankha 0x0, magetsi ali bwino. Ikayankha 0x50000, mphamvu inatsikapo chiyakireni. Ikayankha 0x50005, ikuperewera panopa, inu mukuyang'ana.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe. Wina akuti, tchaja yanga yalembedwa 3A. Tiyerekeze kuti zolembedwazo n'zoona, ngakhale si matchaja onse amene amakwaniritsa zimene alemba. Pakati pa tchaja ndi Pi pali nthambo. Nthambo yaitali, yowonda, ikakhala ndi resistance ya 0.25 ohm, Pi n'kukoka maampeya 2, theka la volti latayikira m'njira. Mavolti 5.1 afika ali 4.6, pansi pa malire aja. Tchaja ya foni yotulutsa mavolti 5.0 ndiye imayambira kale pamunsi. N'chifukwa chake pulagi yopangidwira Pi imatulutsa 5.1 ndipo nthambo yake ndi yonenepa, yomatiriridwa.

Wina akuti, koma tchaja yomweyi imadzaza foni yanga bwinobwino. Foni ili ndi batire. Mphamvu ikachepa, imangodzaza pang'onopang'ono, mwini wake osadziwa kanthu. Pi ilibe batire. Imakoka magetsi modzidzimutsa, makamaka poyaka, potsegula Wi-Fi, kapena ana makumi atatu akalumikiza nthawi imodzi, ndipo kutsika kwa kanthawi kochepa n'kokwanira kuigwetsa.

Wachitatu akuti, nanga bwanji ndikalemba khadi mwatsopano imayaka? Apa ndiye mundimvetse bwino, aphunzitsi. Kuyakako kukusonyeza kuti khadi lanu silinafe, chifukwa khadi lakufa silikanalola kulembedwanso. Chinawonongeka ndi zimene zinali pa khadilo, ndipo chinaziwonongacho simunachichotse. Mukukolopa pansi denga likudontha. Choipa china, nthawi zonse mukafufuta khadi mumafufutanso umboni. Gawo la ext4 lija mukanaliwerenga pa kompyuta ya Linux, mwina mukanapeza mawu oti Undervoltage detected m'zolemba za Pi, ndipo fsck nthawi zina imakonza gawolo popanda kutaya maphunziro a ana.

Sindikunena kuti makhadi onse ndi abwino. Alipo achinyengo, olembedwa 64GB pamene mkati ndi ochepa, ndipo mukadzaza kupitirira malire ake enieni amayamba kudya mafayilo. Khadi latsopano liyeseni ndi H2testw pa Windows kapena F3 pa Linux musanalikhulupirire. Makhadi amakalambanso akalembedwa kwambiri. Koma kuyang'ana kagetsi kofiira sikulira ndalama, pamene khadi ndi logula. Mukayamba ndi khadi, mugula labwino, lodula, n'kuliwononganso pa tchaja yomwe ija.

Chotsutsa chomaliza ndi cha m'thumba: pulagi yeniyeni ndi yodula, komanso si paliponse imapezeka. N'zoona, ndipo sindikuchepetsa. Koma werengerani makhadi amene mwagula, maulendo a ku tauni, ndi masiku amene ana akhala osawerenga. Komanso inu a sola muli ndi njira ina. M'malo modutsitsa magetsi a batire mu inveta kuti akwere kufika pa mavolti 230, kenako tchaja iwatsitsenso, pezani kachipangizo kotsitsa mavolti 12 kufika pa 5.1, kotha kupereka maampeya 3 kapena kuposa, mukayeze ndi mita musanalumikize, ndipo nthambo ikhale yaifupi. Osadalira kwambiri power bank ngati yotchinjiriza magetsi akazima, chifukwa ambiri amadula mphamvu kwa kanthawi posintha, Pi n'kuyambanso.

Pali chizolowezi chinanso chimene ndimadzudzula nthawi zonse. Popeza Pi 4 ilibe batani lozimitsira, anthu amangozula pulagi poweruka. Kumeneko ndi kudzizimitsira magetsi nokha, tsiku ndi tsiku. Lembani sudo poweroff, dikirani kagetsi kobiriwira kasiye kuphethira, kenako zulani. Ngati pasukulupo pali manja ambiri ndipo simungalondere aliyense, lowani mu raspi-config mutsegule overlay file system. Zosintha zonse zizikhala mu RAM, khadi osalembedwa, ndipo wozula pulagi savulaza kanthu. Kumbukirani kuitseka pofuna kuwonjezera maphunziro, apo ayi zimene mwaikazo zisowa Pi ikangoyambanso.

Kwa inu amene Pi ndi ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku, khalani ndi kanthambo ka USB kupita ku serial, ka mavolti 3.3, osati 5. Mu config.txt onjezerani mzere woti enable_uart=1, serial console ikhale yotsegula. GND ipite pa pini 6, RX ya nthambo pa pini 8, TX yake pa pini 10, ndipo waya wofiira wa magetsi muusiye. Tsegulani PuTTY pa liwiro la 115200, ndipo muona Pi ikulemba mzere ndi mzere mpaka pamene yakodwa, ngakhale netiweki isanadzuke. Mukatero mwasiya kulosera.

Nthawi yatithera, ndipo makalata otsalawa tiwayankha sabata yamawa. Pempho langa n'lakuti musamangolemba kuti sikuyaka. Tiuzeni Pi yanu ndi mtundu wanji, mwalembapo Raspberry Pi OS iti, pa tchaja palembedwa chiyani, nthambo ndi yotalika bwanji, kagetsi kofiira kakutani, ndipo kobiriwira kakuphethira kangati. Inu aphunzitsi, mukasintha magetsiwo mutilemberenso, mutiuze zimene get_throttled ikuyankha ana onse atalumikiza.