Wotumikira Nayenso Ali ndi Pakhomo Pake

Chikhulupiriro cha Bahá'í chilibe abusa, ansembe kapena mashehe. Anzathu akatifunsa timawayankha choncho, ndipo timayankha monyadira, koma si kawirikawiri pamene timaganizira tanthauzo lake pa moyo wathu wa tsiku ndi tsiku. Wophunzitsa kalasi ya ana Loweruka masana ndi mayi yemwe uja amene analawirira ku mjigo, kenako kuchigayo. Mlembi wa Bungwe Lauzimu ndi bambo amene amaweruka madzulo ku ofesi pa Boma pano. Wotsogolera gulu la achinyamata achisodzera ndi mnyamata wa Fomu 4 amene mayeso a MSCE akumudikira. Palibe amene anamasulidwa ku ntchito zina kuti azingotumikira. Tonse timatumikira ndi nthawi yomweyo imene timalimira, kuphika, kudwazika matenda ndi kupuma.

Vuto limene tikukambirana pano limagwera anthu akhama. Bwenzi lina limavomera chilichonse: kalasi ya ana, msonkhano wa mapemphero, kuyendera mabanja, kuwerengera ndalama za thumba, ndiponso ulendo wa ku Ligowe kukathandiza gulu latsopano. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kugwa kwake sikumveka phokoso. Poyamba munthu amangochedwa, kenako ajomba kamodzi, ndiye ikafika nthawi yopalira kalasi ija yatha osalengeza, ana n'kumangofunsana kuti aphunzitsi ali kuti. Ndipo kunyumba nako kumakhala kutawonongeka kale. Ambiri mwa ife tili m'mabanja amene mwamuna, mkazi kapena apongozi amapemphera ku CCAP, ku Katolika kapena ku Seventh Day. Iwo sawerenga mabuku athu. Amaona denga lodontha, mwana wosafunsidwa za kusukulu, ndi munthu amene nthawi zonse ali pa ulendo. Zikatero Chikhulupiriro amachiona ngati mkazi wachiwiri wolanda munthu wawo, ndipo sitingawadzudzule.

Malemba athu sagawa moyo pawiri, kuti uku kwa Mulungu, uku kwa ife. Mu Kitáb-i-Aqdas, buku la malamulo limene Bahá'u'lláh analemba ali mu ukaidi ku Akká cha m'ma 1873, aliyense analamulidwa kukhala ndi ntchito kapena luso lomupezetsa zosowa, ndipo ntchitoyo inakwezedwa kufika pa mlingo wa kupembedza. Nyumba ya Chilungamo ya Dziko Lonse itafunsidwa ngati lamuloli likukakamiza mayi wolera ana kukafuna ntchito yolipidwa, inafotokoza kuti kusamala pakhomo nakonso ndi ntchito yolemekezeka ndi yofunika kwambiri kwa anthu onse. Choncho amene akusenda mbatatesi, kuzira nyumba kapena kukwezera chimanga ndi mtima wotumikira, sanachoke pamaso pa Mulungu. Asamadziimbe mlandu ngati kuti waba nthawi ya utumiki.

Apa tisamale, chifukwa chiphunzitso chokoma chimenechi n'chosavuta kuchipotoza. Bambo angathe kutenga buku lake la Ruhi n'kunena kuti, "Amayi, inu tsalani, paja kuphika nako ndi kupembedza." Tiyeni tiwerenge m'gulu lathu lino: ndani amafika nthawi yabwino, ndani amafika mochedwa ali ndi mwana kumsana, ndipo ndani analeka pa Buku 1 pamene amuna awo ali pa Buku 7? 'Abdu'l-Bahá anayerekeza amuna ndi akazi ndi mapiko awiri a mbalame imodzi, ndipo mbalame siuluka phiko lina litamangidwa ku mafuwa. Ngati ntchito ya pakhomo ndi kupembedza, bambo asadzimane madalitso amenewo. Akhoza kutunga madzi pa njinga, kuwaza nkhuni, kusambitsa ana, ngakhale kuvundula nsima tsiku limene mayi ali ku phunziro. Anthu adzalankhula, tikudziwa; ena adzati wadyetsedwa. Koma ana a m'nyumba imeneyo adzaphunzira za kufanana kwa amuna ndi akazi kuposa zimene kalasi iliyonse ingawaphunzitse. Chimodzimodzinso mtsikana wa zaka 13 asamajombe ku gulu la achisodzera chifukwa chotsuka mbale pamene mlongo wake ali ku mpira.

Tionenso mmene malamulo enieniwo amachitira chifundo ndi mphamvu za munthu. Mapemphero okakamizidwa alipo atatu, ndipo timasankhapo limodzi pa tsiku. Lalifupi limanenedwa kamodzi pakati pa masana ndi kulowa kwa dzuwa, ndipo silitenga ngakhale mphindi ziwiri. Tinauzidwa kuwerenga Mawu a Mulungu m'mawa ndi madzulo, koma tinachenjezedwanso kuti tisawerenge mpaka kutopa ndi kulemedwa, pakuti pang'ono powerenga mokondwa m'pabwino kuposa zambiri zowerenga monyong'onyeka. Pa kusala kudya kwa masiku 19 m'mwezi wa Malichi, odwala, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, okalamba opitirira zaka 70, apaulendo ndi ogwira ntchito ya kalavulagaga anamasulidwa. Ngati Mwini malamulo anaganizira thupi la munthu chotere, ife tikamasenzetsa bwenzi limodzi ntchito zisanu tikutsanzira ndani?

Nthawi yosangalala nayo ili ndi malo ake. Wina amakonda bawo pansi pa mtengo, wina mpira wa manja, wina kuweta nkhunda, kuluka kapena kumvera mpira wa Bullets ndi Wanderers pa wailesi. Zimenezi si zochititsa manyazi. Bahá'u'lláh analoleza nyimbo ndi kuimba, ndipo magulu a achisodzera amakhala ndi masewera ndi zaluso mwadala. Malire alipo ndipo ndi odziwika: mowa ndi juga n'zoletsedwa, ndipo juga ya pa foni yobetcha mpira ndi juga ndithu ngakhale ibwere ndi dzina lina. Kupatula apo, funso n'lakuti, kodi chosangalatsachi chimatibweza kunyumba tili opepukidwa, kapena chimadya madzulo onse? Tisaiwalenso kuti pa bawo ndi pa bwalo la mpira m'pamene timapeza mabwenzi enieni. Munthu amene alibe nthawi yocheza ndi anansi ake adzaitana ndani ku msonkhano wa mapemphero?

Nkhani za m'dera zimatifika mbali zonse: pa Neno FM, pa magulu a WhatsApp, ku banki m'khonde, pamsika, pamaliro. Kuzidziwa n'kofunika, chifukwa sitingatumikire anthu amene sitidziwa zimene zikuwachitikira. Koma nkhani ndi miseche zimayenda njira imodzi, ndipo miseche inaletsedwa mwamphamvu m'Malemba athu, monga tinaphunzirira mu Buku 1. Njira imodzi yozisiyanitsira ndi kudzifunsa chimene tichite tikamva. Tikamva kuti mwana wa mnansi wagonekedwa ku chipatala, tinyamula phala n'kupita kukazonda. Tikamva kuti banja la uje likugwedezeka, ndipo palibe chimene tichitepo koma kukauza wina, nkhaniyo ithere pa ife.

Phwando la Masiku 19 limatisonyeza kuti zonsezi zingakhale pamodzi. Lili ndi zigawo zitatu: mapemphero, kenako nkhani ndi kukambirana za dera, pomaliza kucheza ndi kudya. Chaka chathu chili ndi miyezi 19 ya masiku 19, choncho Phwando siligwa tsiku limodzimodzi la sabata. Lero Lachiwiri, ulendo wina Lamlungu. Masiku ake amadziwika chaka chisanayambe, ndiye banja lingawalembe pa khoma n'kugawana ntchito nthawi ilipo. Wolandira alendo asadzivute ndi nkhuku ndi mpunga. Chinangwa chophika, nachesi kapena madzi akumwa okha n'zokwanira.

Chigawo chachiwiri chija ndi malo oyenera kunena mosabisa kuti, "Abwenzi, ntchito yandichulukira." Mawu amenewa tiziwalandira ngati nkhani yofunika kukambirana, osati ngati kufooka kwa chikhulupiriro. Mutu umodzi susenza denga, ndipo cholinga cha maphunziro a Ruhi n'chakuti otumikira achuluke, aliyense ayende ndi mnzake mpaka naye atha kuima payekha. Wophunzitsa amene wagwira kalasi zaka zitatu popanda womuthandiza afunsidwe mwachikondi kuti akukonzekeretsa ndani. Pokonza mapulani a miyezi itatu tiziyang'ananso nyengo ya kwathu kuno. Disembala ndi Januwale ndi miyezi ya khasu, misewu yopita ku Dambe kapena kutsikira ku Lisungwi imavuta mvula ikagwa, ndipo maphunziro a masiku angapo otsatizana amayenda bwino anthu atakolola kapena sukulu zitatsekera.

Tisanakumanenso, aliyense alembe pa pepala mmene sabata yake yapitayi inayendera, kuyambira Lolemba mpaka Lamlungu. Kenako akhale pansi ndi a m'nyumba mwake, ana omwe, ayambe ndi pemphero ngati onse avomera, ndipo awafunse kuti ndi nthawi iti imene amamusowa kwambiri, ndiponso ndi ntchito iti ya pakhomo imene yakhala pa munthu mmodzi nthawi yaitali. Amvetsere osadziteteza. Sabata yamawa tidzayamba ndi zimene mabanja athu anatiuza, kwa amene adzafune kutifotokozera.