Nyali Zokhotera za Njinga ya Moto Yakale

Munthu woyenda m'miseu ya kwa Kabudula, ku Nsaru kapena ku Nambuma masiku ano amakumana ndi njinga za moto zambiri, ndipo zochuluka nza anyamata a kabaza. Koma pakati pa izo zikalipo zina zakale za Honda ndi Yamaha, zonga zija ankayendera alangizi a zaulimi, zimene eni ake azisunga kufikira lero. Injini ya njinga zotere imakhala zaka zambiri. Chimene chimayamba kufooka ndi mawaya, makamaka a nyali zinai zokhotera zimene amakaniko amati maindiketa.

Nyali zimenezi si zokometsera njinga iai. M'Malawi magalimoto amayenda kumanzere, chotero wokhotera kumanja amadula njira ya amene akudza kutsogolo ndiponso ya amene afuna kumpitirira. Pa mseu wa tala wochokera ku Lilongwe kunka ku Mchinji, monga pa Mpingu kapena pa Namitete, woyendetsa lole sangadziwe za mumtima mwa wokwera njinga ngati nyali siinamuuze. Usana munthu angathe kutambasula mkono, koma dzanja lamanja ndilo limagwira mafuta, ndipo usiku mkono suoneka.

Nyali zikafa, anthu ambiri amathamangira ku sitolo kukagula fulasha yatsopano, naipeza kuti siinathandize kanthu. Ndalama zotere zimatayika chifukwa chosadziwa njira imene moto wa magetsi umayendamo.

Moto umachoka m'batire, nudzera pa fyuzi, nufika pa kiyi. Kuchoka apo umalowa m'fulasha, ndiye kachitini kaja kamene kamachititsa nyali kuphethira, nupita pa switchi ya pa handulo. Pamenepo njira imagawikana pawiri, ina kunka ku mababu awiri a kumanzere, ina ku mababu awiri a kumanja. Utayatsa babu, moto uyenera kubwerera ku batire, ndipo umabwerera kudzera m'chitsulo cha njinga kapena m'waya wina wotchedwa ethi. Njira ikaduka pena pali ponse, ngakhale pobwerera, nyali siyaka.

Tsono mwini njinga asanamasule bawuti ndi imodzi yomwe, ayambe wayang'ana mmene nyali zikuchitira, pakuti izo zomwe zimanena kumene kuli chobvuta. Ngati mbali zonse ziwiri zafa, chobvuta chiri pa njira imene zonse zimadzeramo: batire, fyuzi, kiyi, fulasha kapena switchi. Ngati yafa mbali imodzi, batire ndi fulasha ziribe mlandu, popeza mbali inayo ikuzigwiritsa nchito bwino-bwino. Ndipo ngati lafa babu limodzi lokha, afune pa babu lomwelo, pa mpando wake ndi pa waya wake.

Mbali zonse zikafa, choyamba aimbe hutala. Pa njinga zazing'ono zambiri zakale, nyali yaikulu ya kutsogolo imalandira moto kuchokera ku injini, pamene hutala ndi maindiketa zimadya za m'batire. Chifukwa chake kuwala kwa nyali yaikulu si umboni wakuti batire iri ndi mphamvu. Hutala ikalira mosasa mau, kapena nyali zikamaphethira pokha-pokha injini itaonjezedwa mafuta, batire yafooka, ndipo kufuna kwina nkutaya nthawi.

Fulasha yakale iyenera kumveka bwino, chifukwa imanamiziridwa kawiri-kawiri. M'kati mwake muli kachitsulo kopyapyala kamene kamatentha moto ukamadzeramo. Kakatentha kamapindika ndi kudula njira, kakazizira kamawongoka ndi kuilumikizanso, ndipo kuphethira kwa nyali ndiko kumeneku. Kachitsuloko kanapimidwa kuti katenthe ndi moto wa mababu awiri a muyeso wake. Babu limodzi likapsa, moto wodzeramo umachepa, ndipo lotsalalo mwina limangoyaka osathima, mwina limaphethira mwachilendo. Zomwezo zimachitika munthu akaika babu la nambala zina. Njinga zambiri zakale nza mavolti 6, pamene za masiku ano nza mavolti 12, chotero pogula babu nkofunika kunyamula lakalelo ndi kufanizira nambala zolembedwa pa chitsulo chake. Mababu a LED, amene achuluka m'misika, amadya moto pang'ono kwambiri kotero kuti fulasha yakale siitentha nawo. Wofuna mababu amenewa agulenso fulasha yopangidwira iwo.

Kuyesa fulasha nkosabvuta ngati iri ya mawaya awiri. Mwini njinga awazule mawayawo, awagunditse okha-okha, atsegule kiyi ndi kukankha switchi. Nyali zikayaka ngwee osaphethira, fulasha ndiyo yafa, ndipo apa mpoyenera kugula ina. Zikapanda kuyaka, fulasha aibwezere pamalo pake.

Chida chofufuzira moto munthu angathe kudzipangira yekha. Atenge babu labwino la muyeso wa njinga yake, amangirire waya mmodzi kunsi kwake ndi wina m'mbali mwa chitsulo chake. Waya mmodzi augunditse pa chitsulo choyera cha injini, winayo aziyenda naye pa njira ya moto kuyambira ku fyuzi. Pamene babu layaka, moto wafika. Pamene lakana, njira yaduka pakati pa malowo ndi pamene linayaka komaliza. Aphunzitsi angathe kuonetsa ana a sukulu kachida komweka pa phunziro la magetsi, ndi batire za tochi.

Koma mdani wamkulu wa njinga za kuno ndi dzimbiri. Fumbi la mwezi wa Okutobala limalowa m'nyali, mvula ya Januwale nilisandutsa matope, ndipo mabampu a mseu amamasula manati. Pa njinga zambiri zakale nyali yokhotera iribe waya wobwezera moto. Moto umabwerera pa ndodo yake ndi nati yoimangira. Pamenepo pakachita dzimbiri, babu limayaka mozilala, kapena moto umasochera nufuna njira kudzera m'nyali ya kumbuyo, imene imayamba kuphethira nayo. Mankhwala ake ndi kumasula nati, kupala chitsulo ndi sandipepala kufikira chiyere, kumanga molimba ndi kupaka girisi pang'ono pamwamba. Switchi ya pa handulo nayo imadzala fumbi, koma poitsegula ayale nsalu pansi, chifukwa muli kasipulingi ndi kampira kachitsulo zimene zikagwa m'dothi sizipezekanso.

Malo ena oyenera kuyang'ana ndi pa khosi la njinga, pamene mtolo wa mawaya umapindika nthawi zonse handulo ikatembenuka. Waya amaduka m'kati, khungu lake likali bwino. Nyali ikamayaka ndi kuthima potembenuza handulo, chilonda chiri pamenepo.

Mitundu ya mawaya yasokeretsa ambiri, pakuti makampani sanapangane. Pa Honda, waya wa mtundu wa lalanje ngwa kumanzere, wa mtundu wa thambo ngwa kumanja, wobiriwira ndiye ethi, ndipo wakuda ali ndi moto kiyi ikatsegulidwa. Pa Yamaha, wa mtundu wa khofi wakupsa ngwa kumanzere, wobiriwira moderako ngwa kumanja, ndipo wakuda ndiye ethi. Chotero munthu wozolowera Yamaha akamangirira waya wakuda wa Honda ku chitsulo, fyuzi imapsa pomwepo. Mithuthuthu ya ku Britain ya m'ma 1950 ndi 1960, monga BSA ndi Triumph, inali ndi zakenso: pa yambiri mbali ya + ya batire ndiyo inkamangidwa ku chitsulo, ndipo inkatuluka m'fakitale yopanda nyali zokhotera.

Fyuzi ikamapsa mobwereza, ndiye kuti waya wina wasupuka nakhudza chitsulo. Ena amakulunga fyuzi ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, kapena kuikapo waya. Ichi nchoopsa ndithu, chifukwa m'malo mwa fyuzi amapsa mawaya, ndipo mawayawo amadutsa pansi pa thanki ya petulo. Posupukapo afune mpaka apapeze, apakulunge ndi tepi, ndi kuika fyuzi ya nambala yomweyo.

Nchito ikatha, alize injini, ayese mbali zonse ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, akutembenuza handulo uku ndi uku. Nyali yabwino imaphethira pakati pa ka 60 ndi ka 120 pa mphindi imodzi, ndipo izioneka kwa munthu woima patali padzuwa.