Koleji Ikafuna Malo a Bwalo la Zamasewero: Mafunso ndi Mayankho kwa Anthu a ku Ulongwe

Malo akuchepa ku Ulongwe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 430,000 m'boma la Balaka, ndipo chikonzereni msewu wa Liwonde–Mangochi mapuloti a m'mbali mwa tala sachedwa kupeza wogula. Sukulu kapena koleji ikafuna kukula lero, imaloza munda wa munthu. Kabuku aka n'kothandiza kuti tsiku limene opima malo adzafike, anthu adzakhale akudziwa zofunsa.

Koleji ndi malo ophunzirira. Bwalo la mpira likubweramo bwanji?

Achinyamata mazanamazana ogonera pamalo amodzi amafuna pothamanga, ndipo makoleji ali ndi mipikisano yawo pansi pa bungwe la TESSAM. Kwa koleji ya aphunzitsi monga Machinga TTC, bwalo ndi kalasi ndithu, chifukwa mphunzitsi wa pulaimale amayenera kudzaphunzitsa ana masewero olimbitsa thupi m'phunziro la Expressive Arts.

Bwalo limadya malo ochuluka bwanji?

Bwalo la mpira wamiyendo lovomerezeka limatalika mamita 105, m'lifupi mamita 68. Amenewo ndi malo osafika pang'ono maekala awiri. Mukalizunguliza ndi njira yothamangiramo ya mamita 400, n'kuwonjezera bwalo la ntchemberembaye, pokhala oonerera, zimbudzi ndi poimika magalimoto, mwafika mahekitala awiri kapena atatu. Mabanja ambiri kuno amalima malo osakwana hekitala imodzi, choncho apa tikunena za chakudya cha mabanja angapo. Vuto linanso n'lakuti womanga bwalo amafuna malo athyathyathya osadikha madzi, omwe ndi malo omwewo amene chimanga, thonje ndi nandolo zimachita bwino.

Kodi amfumu angapereke munda wathu osatifunsa?

Ayi. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, linakhazikitsa komiti yoona za malo m'dera la gulupu aliyense. Gulupu ndiye wapampando, ndipo pamakhala anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, atatu mwa iwo kapena kuposerapo amayi. Nkhani ya malo siyeneranso kuthera pakhonde la mfumu usiku.

Funsani kaye kuti akufuna malowo ndani. Ngati ndi boma, gawo 44 la malamulo oyendetsera dziko limalola kutenga malo pokhapokha ntchitoyo ili yothandiza anthu onse, mwini wake wadziwitsidwa nthawi yabwino, walandira chipukuta misozi choyenera, ndipo ali ndi mwayi wokadandaula kukhoti. Ngati ndi mpingo, bungwe kapena munthu wabizinesi, iye alibe mphamvu yokuchotsani. Ayenera kukambirana nanu, ndipo mukhoza kukana.

Kuno kwathu pali chinthu chimene alendo amachiphonya. M'midzi yambiri ya kwa Kalembo ukwati ndi wachikamwini, munda ndi wa mayi ndi mbumba yake. Koma pamsonkhano amene amakhala pampando n'kuyankhula ndi abambo, amayi ali pamphasa kumbuyo. Wolemba maina akafunsa kuti mutu wa banja ndani, dzina lolowa m'kaundula ndi la mkamwini, ndipo ndalama zikatuluka zimapita m'thumba la munthu amene mawa akhoza kubwerera kwawo. Dzina la mwini munda weniweni lilembedwe, mwini mbumba alipo.

Chipukuta misozi chimawerengedwa bwanji?

Akatswiri a ku unduna wa zamalo amabwera ndi a ku ofesi ya bwanamkubwa n'kulemba zonse zimene zitayike: malowo, nyumba, khola, mbewu za m'munda, mitengo, bizinesi ndi ndalama zosamukira. Tsiku limenelo musatume mwana. Yendani nawo, muwerenge limodzi mitengo ya mango ndi masau, mujambule pafoni, ndipo musadinde chala papepala limene wina amene mumamukhulupirira sanakuwerengereni.

Funsaninso tsiku lolipira. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Munthu amene anamuwerengera nyumba chaka chimenecho chisanafike n'kulandira ndalama pambuyo pake, malata amene akanagula makumi atatu anagula ochepa kwambiri. Kulipira kukachedwa, pemphani kuti awerengenso. Manda, mzikiti, tchalitchi ndi malo a zinamwali sizoyenera kungoikidwa mtengo. Nthawi zambiri n'kotheka kusuntha bikoni pang'ono kuti zimenezi zitsale kunja kwa mpanda.

Amene akukana si odana ndi chitukuko kodi?

Mawu amenewa amatseka anthu pakamwa pamisonkhano, koma anthu amakayika chifukwa anaonapo zinthu. Mu 2009 woyimba wa ku America, Madonna, anakhazikitsa ntchito yomanga sukulu ya atsikana m'mudzi wa Chinkhota kufupi ndi Lilongwe. Anthu a m'mudzimo anauzidwa kuti achoke pamalopo, ena akudandaula kuti ndalama zimene analandira n'zochepa. Pofika 2011 ntchitoyo inalephereka, sukuluyo osamangidwa. Ku Mzimba mwala wa yunivesite ya Mombera unayalidwa mu 2015, zaka n'kumadutsa popanda wophunzira ndi mmodzi yemwe. Mabwalo amene boma linalonjeza matimu a Bullets ndi Wanderers ku Blantyre mu 2019 nawonso anaima panjira nthawi yaitali. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wofunsa kuti ndalama zomangira zili kuti, zachokera kwa yani, kontirakitala ayamba liti, akuthandiza koleji yomwe. Ndipo n'kwanzeru kugwirizana kuti anthu azilimabe pamalopo mpaka makina atafika.

Bwalo likatha, ana athu adzaseweramo?

Apa ndi pamene mikangano yambiri imabadwira. Malo amene anyamata a m'mudzi amamenyerapo bonanza akazunguliridwa ndi mpanda, pageti pamakhala mlonda. Bwalo la zamasewero la yunivesite ya KUHeS ku Blantyre limalola anthu akunja, koma polipira, chifukwa kapinga amafuna madzi ndi womutchetcha. Ku Ulongwe mtengo wa mtauni ungathamangitse timu iliyonse ya m'mudzi. Choncho zilembedwe ntchito isanayambe: masiku amene matimu a m'mudzi ndi sukulu za pulaimale azigwiritsa ntchito bwalo, ndalama ngati zilipo, ndi amene azisunga kiyi. Mulembenso za njira. Mpanda ukatseka kanjira kopita kumjigo, kuchigayo kapena kumzikiti, amene amazungulira mtunda wautali ndi chidebe pamutu ndi mayi ndi mtsikana. Lonjezo la pakamwa limachoka ndi mkulu wa koleji akasamutsidwa.

Nanga phindu lake n'chiyani kwa ife?

Lilipo. Pomanga pamakhala maganyu, ndipo tsiku la mpira a kabaza, ogulitsa mandasi ndi okazinga chiwaya amapeza kangachepe. Ku Zomba anthu a ku Chikanda amapeza ndalama pochititsa lendi ophunzira a yunivesite ya Malawi, ngakhale kuti lendi imakweranso kwa eni dera. Pemphani kuti ntchito zosafuna maphunziro apamwamba zipite kwa anthu a midzi imene yataya minda, amayi omwe.

Tikaona kuti zinthu sizikuyenda, tikadandaule kuti?

Yambani ndi komiti ya malo ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kenako komiti ya chitukuko ya dera (ADC) ndi mfumu yaikulu, kumene lamulo linaikako bwalo loweruza milandu ya malo. Zikakanika, pitani kwa bwanamkubwa. Ntchito yaikulu imayenera kuunikidwa kaye ndi bungwe loona za chilengedwe la MEPA malinga ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, ndipo kuunikako kumafuna kuti anthu okhudzidwa afunsidwe maganizo. Ofesi ya Ombudsman, bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC ndi Legal Aid Bureau amathandiza amene alibe ndalama za loya. Dandaulo likhale lolembedwa, lokhala ndi tsiku, ndipo musunge kope lanu lodindidwa chidindo. Ngati mapepala akale a malo anu akutchula Machinga, musadabwe: Balaka inakhala boma palokha mu 1998, choncho pitani nawo ku khonsolo ya Balaka.